Kasankhidwe ka Njira Zosavuta Zoyenda ndi Ana Aang'ono pa Tchuthi cha ku Likoma

Makolo ambiri akafika ndi ana pa chilumba cha Likoma amalakwitsa pamalo amodzimodzi. Amamva kuti chilumbachi n'chaching'ono, makilomita pafupifupi 8 kuchokera kumpoto kufika kummwera, ndiye amaganiza kuti paliponse mwana angafikepo wapansi. Amanyamuka dzuwa litakwera kale, kabotolo kamodzi ka madzi m'manja, ana atavala mapatapata. Pomafika pakati pa njira wamng'ono wakhala pafumbi akulira, bambo anyamula wina paphewa, mayi abereka wina, ndipo m'mawa mwake mukangotchula zoyenda ana onse akukana. Tchuthi chimene munachisungira ndalama miyezi yambiri chimathera pakhonde la malo ogona.

Zimenezi zimandiwawa, chifukwa Likoma ndi malo abwino kwambiri ophunzitsira mwana kukonda kuyenda. Magalimoto ndi ochepa, nyanja siikhala patali, ndipo m'njira muli zambiri zoti mwana aone. Chofunika n'kusankha njira poyang'ana zinthu zitatu: miyendo ya mwana wamng'ono kwambiri pagulupo, mthunzi umene ulipo, ndi mmene mudzabwerere. Malangizo ali m'munsiwa ndi a ana a zaka 2 mpaka 8, ndipo akugwiranso ntchito mukawolokera ku Chizumulu, chilumba china choyandikana ndi Likoma.

## Zofunika kukhala nazo

Zambiri mwa izi mugule musanakwere sitima, ku Nkhata Bay, ku Mzuzu kapena kumene mukuchokera. Magolosale pachilumba alipo, koma katundu amachita kubwera pamadzi, ndiye musadalire kuti chimene mukufuna muchipeza tsiku lomwelo.

- Nsapato zotseka zala, zimene mwana wazivala kale kwa milungu ingapo. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe.
- Chipewa chachikulu chophimba makutu ndi khosi. Kapu yamlomo kutsogolo imasiya khosi pamtunda.
- Malaya opepuka a manja aatali, a mtundu wowala. Ofiira, achikasu kapena a olenji amathandiza kumuona mwana ali patali.
- Madzi akumwa: pa ulendo wa ola limodzi kapena awiri, mwana aliyense akhale ndi theka la lita mpaka lita imodzi, wamkulu lita imodzi ndi theka. Akhale a m'botolo losatsegula, owiritsa, kapena othira WaterGuard n'kudikira mphindi 30.
- Mapaketi awiri a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino.
- Zitenje ziwiri. China n'choberekera, china n'choyala pokhala kapena chonyowetsa mwana akatenthedwa.
- Ambulera.
- Kamba wa panjira: nthochi, mbatata yophika, mandasi, malalanje. Mtedza wathunthu ndi chimanga chokazinga musapatse ana osakwana zaka 5, amatsamwa nazo, makamaka akamadya akuyenda.
- Kathumba ka mankhwala: pulasitala, bandeji, sopo, kopanira kakang'ono kozulira minga, Panado wa ana.
- Mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Kwa mwana wachialubino awa ndiwo oyamba kulowa m'chikwama: a SPF 50 (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza), odzola mphindi 20 musanatuluke ndi kubwereza maola awiri alionse, pamodzi ndi magalasi a dzuwa ndi buluku lalitali.
- Foni yodzaza moto, tochi, ndi ndalama zapamanja zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma pagombe mwini boti angafune zapamanja.
- Jekete yoyandamitsa ya msinkhu wa mwana, ngati pali pamene mudzakwere boti laling'ono.

## Sitepe 1: Muyezeni mwana kunyumba musananyamuke

Kutatsala milungu iwiri kapena itatu, yendani naye wapansi kupita kumsika, kutchalitchi kapena kwa achibale, osamunyamula. Yang'anani wotchi. Lembani mphindi imene wayamba kupempha kuti mumubereke. Chitani zimenezi kangapo, ndipo kamodzi sankhani njira yokhala ndi chitunda.

Nthawi imene mwapezayo muichepetse ndi theka. Ngati kunyumba amayenda mphindi 40 osadandaula, pachilumba muwerengere mphindi 20. Kunyanja kumatentha kuposa ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Blantyre, mchenga umalemetsa miyendo, ndipo mwana amakhala atatopa kale ndi kusambira ndi kugona malo achilendo.

Muyeso umene ine ndimalangiza ndi uwu, kupita ndi kubwerera pamodzi: wa zaka 2 kapena 3 asapitirire kilomita imodzi, ndipo mudziwiretu kuti mbali ina mumubereka, wa zaka 4 kapena 5, makilomita awiri, wa zaka 6 mpaka 8, makilomita atatu kapena anayi ngati njira ndi yosakwera kwambiri.

Chenjezo: musawerengere mwana wamkulu. Ngati muli ndi wa zaka 8 ndi wa zaka 3, ulendowo ndi wa wa zaka 3. Wamkuluyo mumupezere tsiku lake, apite ndi bambo kapena malume ake kutali pang'ono.

## Sitepe 2: Sankhani mwezi, kenako ola

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kunja kumazizirirapo, ndipo ndiyo nthawi yabwino yoyenda ndi ana. Tchuthi chachikulu cha sukulu nthawi zambiri chimagwa mu Ogasiti, ndiye zimagwirizana. Koma miyezi yomweyi ndi ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imene imawinditsa nyanja. Pamtunda mwera ndi wabwino, umaziziritsa thupi. Pamadzi ndi nkhani ina, ndipo tiikamba pa sitepe 6.

Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yotentha koopsa. Mukapita nthawi imeneyi, maulendo onse akhale aafupi ndi a m'mamawa okhaokha. Pa tchuthi cha Khirisimasi mvula imakhala itayamba: chilumba chimabiriwira, mango amakhala mbwee, koma miyala imaterera, udzu umatalika n'kutseka tinjira, ndipo udzudzu umachuluka.

Kunena za ola, nyamukani isanakwane 7 koloko m'mawa, mubwere isanakwane 10 koloko. Mukalephera m'mawa, dikirani mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo.

Chenjezo: ulendo wa madzulo uli ndi msampha wake. Kuno dzuwa likangolowa, cha m'ma 6 koloko kapena isanakwane, mdima sumachedwa. Ambiri amakhala pagombe la kumadzulo kuonerera dzuwa likulowa m'nyanja, kenako n'kumabwerera mumdima panjira ya miyala ali ndi ana otopa. Ngati mukufuna kuonerera dzuwa, sankhani malo osapitirira mphindi 10 kuchokera kumene mukugona.

Tsiku limene mwafika musayende. Kaya mwabwera pa sitima ya Ilala kapena pa boti lina lochokera ku Nkhata Bay, ulendo wa pamadzi umatenga maola angapo, ana ena amasanza m'njira, ndipo nthawi zina mumatsika usiku. Apatseni tsiku lathunthu lopuma.

## Sitepe 3: Funsani, koma funsani munthu woyenera

Safunsa anadya phula, koma apa nkhani yagona pa amene mukumufunsa. Anthu a pa Likoma amayenda wapansi tsiku ndi tsiku kuyambira ali ana. Mnyamata wa pa malo ogona akakuuzani kuti mukafika posachedwa sakunama, akunena za miyendo yake. Iye amadumpha miyala imene mwana wanu wa ku tauni adzayenera kukwera ndi manja omwe.

Pezani mayi amene ali ndi ana aang'ono, kaya ndi wophika pamalo pamene mukugona, wogulitsa pamsika wa ku Mbamba (malo aakulu a malonda pachilumbachi), kapena mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Mulonjereni bwinobwino, mumuonetse mwana wanu, ndiye mufunse mafunso awa mmodzimmodzi:

"Amayi, inuyo mukamayenda ndi mwana wa msinkhu uwu, kumeneko mumatenga mphindi zingati?"

"Pali pokwera pangati? Nanga potsetsereka pali miyala yosunthasuntha?"

"M'njiramo muli mitengo ya mango kapena ndi pamtetete?"

"Pali nyumba za anthu m'mbali mwa njira, kapena ndi thengo lokhalokha?"

"Njinga zamoto zimadutsa?"

"Pali pamene njira imayandikira phompho kapena madzi akuya?"

Funso la mitengo ya mango musalidumphe. Likoma imadziwika ndi milambe, ndipo pazithunzi zimaoneka ngati mthunzi uli ponseponse. Koma mlambe umayoyola masamba m'chilimwe. Mu Ogasiti kapena Seputembala mukaima patsinde pake mupeza nthambi zokhazokha, mthunzi wake ndi wa thunthu basi, ndipo dzuwa likafika pamutu umenewonso umatha. Mtengo wa mango ndiwo sutaya masamba chaka chonse. Njira yodutsa m'midzi momwe muli mango ndi makonde a anthu imaposa njira yokongola yodutsa m'zitunda za udzu ndi milambe, ngakhale yachiwiriyi ikhale yaifupi.

Mukamva nthawi imene wamkulu amatenga, ichulukitseni kawiri. Ngati muli ndi wosakwana zaka 4, katatu. Mwana amaima pa buluzi aliyense, amatola mwala, amafuna kukodza, amavula nsapato kuti achotse mchenga. Zimenezi zisakukwiyitseni, ndiwo ulendo wake umenewo.

Chenjezo: mapu a pafoni asakupusitseni. Tinjira tambiri ta pachilumba sitioneka pamapu, ndipo mapu sakuuzani ngati pansi pali mchenga, miyala kapena munda wa chinangwa wa munthu.

## Sitepe 4: Wamkulu mmodzi akaione kaye njirayo

Madzulo a tsiku lopuma lija, mmodzi atsale ndi ana, wina akayende njirayo yekha. Mphindi 30 zokha zikukwanira. Akaone pamene pali mthunzi woyamba ndi wachiwiri, pamene njira yagawikana, ndi pamene mungathe kubwererera osachita manyazi. Akaonenso pansi: minga, magalasi osweka, chitedze m'mbali mwa thengo. Chitedze chikakhwima ubweya wake umayabwa moti mwana amalira mpaka kunyumba, ndipo ana amakopeka nacho chifukwa zikhokhombe zake zimaoneka zofewa.

## Sitepe 5: Sankhani pakati pa njira izi, kuyambira yosavuta

Kuyenda m'mbali mwa gombe. Uwu ndiwo ulendo woyamba wa mwana aliyense. Kuchokera pamene mukugona, tsatirani gombe mpaka pa doko lotsatira kapena pa miyala imene yatsekereza mchenga, ndiye mubwerere. Palibe chokwera, simungasochere, ndipo m'mamawa mumapeza asodzi akukocheza, amayi akuyanika usipa pathandala, ena akusoka maukonde. Yendani pa mchenga wonyowa, ndi wolimba. Wouma umatopetsa ndipo ukapsa ndi dzuwa umawotcha mapazi.

Pagombe la asodzi mwana asavule nsapato. Mumchenga mumakhala mbedza, minga ya nsomba ndi zingwe. Dziwaninso kuti m'midzi ya kunyanja mumakhala malo osambira amayi ndi malo osambira abambo. Mukayandikira, funsani kapena lambalalani cha kumtunda.

Kuchokera ku Mbamba kukafika ku tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela. Ngati mungasankhe ulendo umodzi wokha, sankhani uwu. Ndi kamtunda kakafupi kokwera pang'ono, kodutsa pakati pa nyumba za anthu, ndipo kumapeto kwake kuli chinthu chimene mwana sangaiwale. Tchalitchichi ndi cha Anglican, ntchito yochimanga inayamba mu 1903, ndipo kukula kwake pa chilumba chaching'ono chonchi kumadabwitsa ngakhale akuluakulu. Ana amakonda mawindo a magalasi amitundumitundu ndi mmene mawu awo amamvekera mkatimo. Kwa kholo, ubwino wake waukulu ndi wakuti mkati mumazizira bwino ndipo muli pokhala, ndiye mwana amapuma mokwanira musanatsike. Chipatala cha St Peter's chili pafupi pomwepo, zimenenso zimakhazika mtima pansi.

Pezani woyang'anira tchalitchi musanalowe, valani modzilemekeza, ndipo siyani kangachepe kothandizira kusamala nyumbayo. Lamlungu m'mawa kumakhala mapemphero. Mukhoza kulowa nawo, koma si nthawi yozungulirazungulira ndi ana. Wina akakuuzani zokwera pa nsanja, ana osakwana zaka 6 atsale pansi ndi wamkulu mmodzi.

Ulendo wowerenga milambe. Sankhani msewu wafumbi wodutsa m'mudzi umene mwayandikana nawo, kaya ndi ku Nkhwazi, ku Ulisa, ku Khuyu kapena ku Makulawe, ndipo mugwirizane ndi ana kuti mukafika pa mlambe wachisanu mubwerera. Mwana amene amakana kuyenda kilomita imodzi amathamangira mlambe wotsatira mosakakamizidwa. Pa mtengo uliwonse gwiranani manja muone ngati banja lonse lingauzungulire. Musalole mwana kupisa dzanja m'mphako: mumakhala njuchi, mileme, nthawi zina njoka.

Kudutsa chilumba kuchokera ku Mbamba kupita ku magombe a kumadzulo. Wamkulu amatenga mphindi 45 kapena ola, ndipo pali zitunda ndi malo ataliatali opanda mthunzi. Uwu ndi wa ana a zaka 7 kupita m'tsogolo amene aonetsa kale mphamvu pa maulendo enawo, ndipo uyendedwe mbali imodzi yokha, kubwerera pa boti kapena galimoto imene mwapangana nayo kale.

Ku Chizumulu. Chilumbachi n'chaching'ono kuposa Likoma ndipo chili ndi njira yozungulira m'mbali mwa nyanja, imene wamkulu amaimaliza pa maola atatu. Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna: amati poti ndi yozungulira, tingomaliza. Ndi ana aang'ono maola atatu aja amasanduka tsiku lonse, ndipo mukafika mbali ina ya chilumba palibe chidule chobwererera kupatula kukwera phiri. Tengani kachigawo chabe, mphindi 20 kupita, mphindi 20 kubwera. Mapiri awiri a pachilumbapo asiyireni achinyamata.

Ine ndimakonda njira yopita n'kubwerera momwemo kuposa yozungulira, ngakhale ena amati imatopetsa maso. Nthawi iliyonse mumadziwa mtunda umene watsala, ndipo mwana pobwerera amazindikira zimene anaona popita, n'kumakutsogolerani iyeyo monyadira.

## Sitepe 6: Konzani zobwerera musanaponye phazi

Dzifunseni kuti: mwana akakanika pamalo akutali kwambiri a ulendowu, tibwera naye bwanji? Ngati yankho ndi kumubereka, yesani kaye kumubereka mphindi 15 muli ndi chikwama. Ana awiri ofuna kunyamulidwa amafuna akuluakulu awiri opanda katundu wina wolemera. Mayi woyembekezera kapena agogo asawerengedwe ngati onyamula.

Ngati mwapangana ndi mwini boti, mugwirizane malo enieni, ola ndi mtengo, ndipo mutenge nambala yake ya foni. M'mawa wa tsikulo mufunseni za mphepo. Asodzi amaidziwa nyanja; akati lero mwera wakula, kapena m'dzinja akati mpoto, mphepo yochokera kumpoto, wayamba, musakakamire. Magombe oyang'ana kummwera ndi kum'mawa ndiwo amalandira mafunde a mwera, a kumadzulo amabisikako pang'ono, choncho nyanja ikhoza kuoneka yabata pamene mwaima koma ili yolusa mukangokhota ngodya.

Chenjezo: kabaza wa njinga yamoto asakhale njira yanu yobwezera ana. Msewu wa miyala, mwana wotopa amene angagone ali panjinga, popanda chipewa choteteza mutu cha msinkhu wake: ngozi yake ndi yaikulu kuposa kutopa kumene mukuthawa.

Muuzeni wa pamalo ogona kumene mukupita ndi ola limene mubwere.

## Sitepe 7: Poyenda

Wamkulu mmodzi patsogolo, wina pambuyo, ana pakati. Liwiro likhale la wamng'ono. Mukakhala wamkulu mmodzi yekha, ana akhale patsogolo panu pamene mukuwaona, ndipo lamulo likhale lakuti pamphambano paliponse aime.

Amwetseni madzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, asanapemphe. Mwana akatanganidwa ndi zoona sanena kuti ali ndi ludzu. Khanda losakwana miyezi 6 musalipatse madzi. Liyamwitseni pafupipafupi, ndipo likhale pamthunzi wa ambulera. Mukalibereka, musaliphimbe mutu wonse ndi chitenje chochindikala, kumbuyoko kumatentha kuposa mmene inu mukumvera.

Pumani pamthunzi uliwonse wabwino, ngakhale ana asanatope. Kamba agawidwe pang'onopang'ono, ndipo chokoma kwambiri chisungidwire pobwerera, pamene mphamvu ndi chidwi zatha.

Apatseni ntchito. Wina awerenge abuluzi, wina ayang'ane gulo wa mutu wobiriwira pamiyala, wina amvetsere kulira kwa nkhwazi. Mukaona ng'azi ikuwothera dzuwa, imani patali muionerere, musaithamangitse. Nthawi zina pakati pa nyanja pamaoneka chinthu chonga utsi chikukwera kumwamba: ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi tambirimbiri. Ana amakhulupirira kuti nyanja ikupsa, ndipo nkhani yake imawayendetsa mtunda wautali osadandaula. Kum'mawa aonetseni mapiri a ku Mozambique, cha ku Cóbuè, muwauze kuti madzi ozungulira chilumbachi ndi a dziko limenelo ngakhale chilumbacho ndi cha Malawi.

Tinjira tambiri timadutsa pabwalo la munthu. Phunzitsani ana kunena "odi" ndi kupereka moni. Asathyole mango kapena kuponda mizere ya chinangwa, asalowe kumanda, ndipo inu musajambule anthu musanapemphe.

## Sitepe 8: Mukafika pamadzi

Pafupifupi ulendo uliwonse pa Likoma umathera panyanja, ndipo mwana wotenthedwa amathamangira m'madzi asanafunse. Gwirizanani musananyamuke kuti palibe wolowa m'madzi wamkulu asanalowe. Miyala ya m'mphepete imakhala ndi ndere zoterera, ndipo pamalo ena madzi amazama mwadzidzidzi ukangochoka pamwala. Wamkulu akhale pafupi moti atatambasula dzanja amugwira mwanayo. Kuyang'anira muli pamchenga, foni ili m'manja, sikokwanira. Mwana akamamira nthawi zambiri sakuwa.

Pamiyala pomwepo ndi pamene pamakhala mbuna, tinsomba tamitundu yowala. Mwana akhoza kutiona atagona chafufumimba pamwala wathyathyathya, inu mutamugwira, osalowa n'komwe.

Pewani madzi osayenda, osaya, okhala ndi bango ndi zomera, makamaka pafupi ndi pamene anthu ambiri amachapa ndi kusamba. M'menemo ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Funsaninso eni dera ngati pamalopo panaonekapo ng'ona, ndipo madzulo kukamada ana asakhale m'madzi.

## Sitepe 9: Dziwani nthawi yosiya

Kulira ndi kudandaula si chizindikiro choopsa kwenikweni. Choopsa ndi mwana wolongolola amene wangoti zii. Yang'anani milomo youma, mutu kupweteka, chizungulire, mseru, kapena kutha maola ambiri osakodza. Mukaona chimodzi mwa izi, ulendo wathera pomwepo. Muikeni pamthunzi, muvuleni zovala zina, mupukuteni ndi chitenje chonyowa n'kumamukupiza, ndipo amwe Thanzi pang'onopang'ono.

Akayamba kusokonezeka polankhula, kukomoka, kusanza chilichonse chimene wamwa, kapena thupi likatentha kwambiri, pitirizani kumuziziritsa ndi madzi uku mukuthamangira naye kuchipatala. Panado sachotsa kutentha kobwera ndi dzuwa, ndiye musataye nthawi kudikira kuti agwire ntchito.

Njoka ikamuluma, musatemere, musayamwe bala, musamange mwamphamvu ndi chingwe. Muvuleni nsapato ndi chilichonse chothina, asayende, mumunyamule kupita kuchipatala msanga.

## Sitepe 10: Mukabwerera

Musambitseni ndi sopo, muone mapazi ngati muli minga, matuza kapena matekenya pakati pa zala. Madzulo avale zophimba mikono ndi miyendo, ndipo agone m'masikito usiku uliwonse. Tsiku lotsatira likhale lopuma kapena la kaulendo kakang'ono ka pagombe. Mufunseni chimene chinamusangalatsa. Yankho lake likuuzani njira yoti musankhe kenako.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuyamba ndi ulendo wautali. Tsiku loyamba likamuwawa mwana, masiku otsalawo mulimbana naye. Yambani ndi kaulendo kamene kathe iye akufunabe kupitiriza.

Kumunamiza kuti tafika. Mukanena katatu kuti kwatsala pang'ono, kachinayi sakukhulupiriraninso ndipo amangokhala pansi. Muuzeni zoona m'njira imene angamve: tidutsa mitengo ya mango iwiri, kenako tipuma.

Kutsatira ana a pachilumba. Ana a m'mudzi amakonda kuperekeza alendo, ndipo zimasangalatsa kuona anu akupeza anzawo. Koma iwo amathamanga pamiyala opanda nsapato ndi kudumphira m'madzi akuya chifukwa anakulira momwemo. Wanu adzafuna kuchita zomwezo. Aloleni asewere, koma malire muike ndinu, ndipo musasiye mwana wanu m'manja mwa mwana mnzake.

Kudalira mitambo kapena kamphepo. Mu Juni ndi Julayi mwera umabisa ukali wa dzuwa. Mwana samva kutentha koma khungu likupsa ndipo madzi akutha m'thupi. Kwa mwana wachialubino, tsiku la mitambo ndi loopsabe, ndipo kunyezimira kwa madzi ndi mchenga kumawonjezera.

Kumwa madzi onse popita. Pofika pobwererera, theka la madzi likhale lilipo. Akatha msanga, bwererani msanga. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera chotani, mwana asamwe osawathira mankhwala kapena kuwiritsa.

Zakumwa zotsekemera m'malo mwa madzi. Fanta wa pagolosale ndi mphotho yabwino mukafika, koma salowa m'malo mwa madzi panjira.

Kuyenda kutali tsiku lonyamuka. Nthawi ya sitima imatha kusintha malinga ndi nyengo ndi katundu. Tsiku limenelo khalani pafupi ndi doko, ana atapuma ndi kudya, chifukwa kukwera ndi ana pakati pa chikhamu cha anthu ndi matumba a nsomba kumafuna mphamvu zawo zonse ndi zanu.

Kuiwala za chipatala mukafika kwanu. Malungo amatha kuonekera patatha mlungu umodzi kapena kuposerapo chilumidwireni udzudzu. Mwana akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala kuti munali kunyanja. Likodzo limachedwa kuposa apo ndipo poyamba silionetsa chizindikiro. Ngati ana analowa m'nyanja, pitani nawo akayezedwe pakatha miyezi iwiri, kapena msanga mukaona magazi mumkodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa mwana, choncho musagule n'kumupatsa mongoganizira. Achipatala amuyeze pasikelo kaye.